Tolotea ndi Kansalu Kosachapa

Chikope cha kumanzere cha Tolotea n'chogwa pang'ono, ngati cha munthu amene akulimbana ndi tulo mu tchalitchi. Ana a m'mudzi mwathu muno pa chilumba cha Savai'i anachipeza chili choncho, ndipo saonapo chachilendo. Koma ife amene tinakula naye tikudziwa kuti anabadwa ndi maso awiri ofanana, aakulu, oti anyamata ankaphonya phazi pokwera mtengo wa kokonati iye akamadutsa.

Ali namwali, ndiye anasankhidwa kuvina taualuga, gule wotsekera phwando, amene amavinidwa ndi namwali mmodzi yekha atasenza tuiga kumutu, chisoti cholemera chija cha tsitsi, nthenga zofiira ndi timagalasi. Anaphunzira guleyo mpaka zala zake zinkavina zokha ali mtulo. Phwando litayandikira, kachithupsa kanamera pachikope, kaja timati matafa. Azakhali ake a Moevanu, amene ankaveka ovina onse m'mudzi muno, sanali munthu wodziwa kudikira. Anathyola kamtengo pa tsache, n'kukasongola ndi mano.

"Tsinzina, mwana iwe, tichotse kamodzin'kamodzi."

Pomacha, diso linali litatupa mpaka kutsaya, thupi lili moto. Anamunyamula kupita naye kuchipatala, ndipo gule wake anavina mnzake wa msinkhu umodzi, Taumaia. Chithupsa chinapola, koma chikope sichinadzukenso, ndipo Tolotea sanapondenso pabwalo. A Moevanu mawu oti pepani sankawadziwa. M'malo mwake anamuphunzitsa ntchito yawo yonse, ndipo pomwalira anamusiyira bokosi. M'bokosimo munali tuiga, botolo la mafuta a kokonati onunkhira maluwa, ndi kansalu.

Botolo ndi kansalu zinali ndi malamulo ake. Botolo silinkaloledwa kutha: mafuta akatsika umathiramo ena pamwamba, kuti dontho la makolo likhalemobe. Kansalu sikankachapidwa. Kanapukuta nkhope za anamwali onse amene anavinapo m'mudzi muno, ndipo ankati ukakachapa wataya mwayi wawo pamodzi ndi madziwo. Akuti kanali koyera kale. Ife tinakapeza kali ngati nsanza yopukutira mphika, koma fungo lake, aa, tisanamizane, linali lokoma. Tolotea ankakanyowetsa ndi mafuta, n'kupukuta nako wovina pamphumi, m'masaya, ndi pazikope pomwe, kuti maso awale.

Phwando likapita, wovina uja kawirikawiri ankatuluka matafa. Palibe amene ankadabwa, poti tonse tinkadziwa chifukwa chake: pali mwamuna amene anamuyang'anitsitsa ndi mtima wonse. Amayi ankamuzungulira namwaliyo padziwe pochapa. "Tiuze, ndani wakulasayu? Mwana wa abusa?" Atsikana ena ankayenda nako kachithupsako monyada ngati ndolo. Tolotea nayenso ankakhulupirira, ndipo ankakhulupirira kuposa tonse, chifukwa mwamuna wake Falaniko anamufunsira ndi mawu amenewo. Nthawi imeneyo anali kondakitala woonda, ndipo anamupeza atabisa nkhope kuseri kwa nyumba, nati, "Diso lakolo ndine ndinaliwononga, ndinakuyang'ana mopitirira. Ndilole ndilipire mlandu moyo wanga wonse." Mawu amenewo ndiwo anamutulutsa m'nyumba mmene ankabisala. Tsopano Falaniko ndi dalaivala wa basi, ndipo mimba yake imakhudza chiwongolero.

Ana a m'mimba mwake Tolotea sanakhale nawo. Analera Fuatino, mwana wa malemu mchimwene wake amene anali mkulu wa banja lawo. Ndiye chaka chimene tinamaliza kumanga tchalitchi chatsopano, komiti ya amayi inasankha Fuatino kuti adzavine taualuga pa tsiku lotsegulira. Unali mwayi wake woyamba ndi wotsiriza, chifukwa phwando likangotha ankanyamuka kupita kwa abale a mayi ake ku Auckland, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, kukapitiriza sukulu. Tolotea atamva, anapita kukhitchini n'kukalira mokweza, mpaka Falaniko anathamangira komweko poganiza kuti wapsa.

Mwa mwambo, wovina amavekedwa pa tsiku lenilenilo basi. Koma achinyamata anabwera ndi zawo, ati akufuna chithunzi cha Fuatino atavala zonse, chotumiza pafoni kwa abale akunja kuti asazengereze kugula matikiti. Tolotea anang'ung'udza, koma anavomera. Falaniko anasenza bokosi mpaka kutchalitchi dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu. Fuatino anavekedwa, anapukutidwa ndi kansalu, anajambulidwa, ndipo chithunzicho chinazungulira dziko.

Sabata isanathe, mtsikana anadzuka chikope chakumanja chili psuu, chotupa, chowawa akaphethira.

Nkhani ya m'mudzi siyenda pansi. Dzuwa lisanakwere, Taumaia anali atafika. Iye tsopano ndiye anali wapampando wa komiti ya amayi, ndipo anali ndi mdzukulu wodziwa guleyo bwino lomwe. Anagwira Fuatino kuchibwano, n'kutembenuza nkhopeyo uku ndi uku ngati akugula nsomba.

"Ayi, izi ndiye ayi. Anthu akwere ndege kudzaona diso lotere? Mnzanga, njira zilipo ziwiri. Tiboole lero lomwe, kapena avine wanga."

"Uboole chiyani?" anatero Tolotea, mawu ali pansipansi.

"Iwe usachite ngati mlendo. Kamtengo ka tsache, basi."

Tolotea anayandikira mpaka mphuno zawo zinatsala pang'ono kugundana, n'kuloza diso lake logwa lija. "Taona apa. Taona bwinobwino, Taumaia, poti tsiku lija unatanganidwa ndi kuvina, sunabwere kudzaona. Amene akhudze diso la mwana uyu ndi kamtengo, ndimuthyola chala ndi kumudyetsa."

Taumaia anabwerera m'mbuyo, koma si mayi woti n'kumuopseza. Anati komiti idikira mpaka tsiku lotsuka tchalitchi, phwando lili mawa lake. Diso likapanda kuphwa pofika tsikulo, tuiga ipite kwa mdzukulu wake, ndipo pasadzakhale kulira.

Atachoka, Fuatino anagwada pamphasa. "Azakhali, ingoboolani. Ndipirira, sindilira. Mwina ine sizindichitikira ngati inu."

"Nanenso ndinanena choncho. Vala, tikakwere basi ya amalume ako."

M'basi ya Falaniko m'mawa uliwonse mumakwera namwino wa ku chipatala cha dera lathu, mayi wachete wokhala pampando wakutsogolo. Tolotea sanadikire kuti afike kuchipatala. Anamukhazika Fuatino pamiyendo pa munthu wina, monga timachitira basi ikadzaza, n'kumuonetsa namwinoyo disolo nyimbo zili phokoso. Namwino anayang'ana osakhudza.

"Musafinye, musaboole. Muzimuthowa ndi nsalu yoyera yoviika m'madzi otentha, koma osati owotcha, kangapo patsiku, ndipo nsaluyo izikhalitsa padiso. Muzisamba m'manja musanayambe. Kadzaphulika kokha. Mukaona kutupa kukutsikira kutsaya, kapena thupi latentha, kapena sakuona bwino, mubwere naye msanga, musadikire basi ya bamboyu."

"Basi? Madzi okha?"

"Madzi ndi mtima wodekha, mayi. Komanso thaulo lake likhale lake yekha, asapukutire la wina."

Tolotea anatsika basi atakhumudwa. Ankayembekeza jakisoni, kapena botolo la mankhwala owawa. Koma anayamba tsiku lomwelo, ndipo pomwepo anapeza vuto: mphepo ya kunyanja inkaziziritsa nsalu asanamalize n'komwe kukalipira mwana kuti akhale chete. Anayang'ana kukhitchini, pa mulu wa miyala imene timaotchera talo, koko wathu uja, ndi nkhumba Lamulungu, ndipo anaseka yekha. Mwala umene umasunga moto mpaka nkhumba kupsa ungalephere chikope? Anasankha kamwala kosalala, konga dzira, anakatsuka ndi sopo, anakawiritsa mu mphika, n'kukakulunga mu nsalu yoyera yonyowa. Asanakaike pa mwana ankayamba wakaika pa chikope chake chogwa chija. Chikapirira chimenecho, ndiye kuti kafika poyenera.

Ankakhala pa manda a azakhali a Moevanu kutsogolo kwa nyumba, monga timaikira akufa athu kuno, poti mpomwe pali mthunzi wabwino, Fuatino atatsamira pamiyendo pake. Wotchi analibe nayo ntchito. Ankaimba nyimbo ya guleyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kubwereza, n'kubwerezanso, kamwala kakazirala ndiye kuti akwanitsa. M'mawa, masana, dzuwa likapendeka, ndi madzulo asanapemphere. Manja a Fuatino ankavina m'mwamba ali chigonere, ndipo Tolotea ankawakonza. "Chala icho! Ukuvina kapena ukuitana nkhuku?"

Tsiku lina Falaniko anabwera ku nkhomaliro atavala magalasi akuda, munthu woti moyo wake wonse sanawavalepo. Anakhala pansi, anadalitsa chakudya, magalasi ali pamaso.

"Kodi lero tikudya ndi mlendo wa ku Amereka?" anafunsa Tolotea.

"Dzuwa lanyanya pamsewu."

"M'nyumba muno mulinso msewu? Vulani."

Anavula monyinyirika. Pachikope pake panali matafa, wonenepa kuposa wa Fuatino. Tolotea anaseka mpaka anagwetsa mbale. Fuatino anaseka ndi diso limodzi, misozi ili chuchuchu.

"Mayo ine!" anatero Tolotea. "Falaniko, ndani wakusiriraniyu? Ndi mimba imeneyo? Tandiuzeni dzina lake ndikamupepese, ayenera kuti saona bwino."

"Sekani, sekani. Chaona mnzako chapita."

"Ayi, nenani. Mwina ndi gogo uja amagulitsa nthochi pa siteji?"

Falaniko anakanda m'mutu. Bamboyu bodza limamuvuta, likafika pakhosi limabwerera. "Palibe wandiyang'ana ine. Koma tsiku lachithunzi lija, pobwerera ndi bokosi, thukuta linkandilowa m'maso. Ndiye ndinangoti, aa, kamodzi kokha. Kamanunkhira bwino kansalu kaja."

Kuseka kwa Tolotea kunaduka. Mawu a namwino a m'basi aja anabwerera: thaulo lake likhale lake yekha. Anayamba kuwaona mmodzimmodzi anamwali onse amene anawaveka, amene anatuluka matafa phwando litatha n'kumasekedwa padziwe. Kenako anadziona yekha ali namwali, atakhala pamphasa, a Moevanu akumuyesa tuiga phwando lisanafike kuti aone ngati khosi lake lipirira, n'kumupukuta m'maso ndi kansalu komweko.

"Ndiye kuti simunali inu," anatero, osamuyang'ana mwamuna wake.

Falaniko anamva chimene chikunenedwa. Anasiya kutafuna. "Kuyang'ana ndinkayang'ana ndithu, mkazi wanga. Ndipo mlanduwo sindikuubweza, ndinauzolowera."

Tolotea anadzuka, anakoleza moto panja, pamaso pa mudzi wonse, n'kuteleka mphika waukulu. Anatsegula bokosi. Musaganize kuti zinali zopepuka. Kansalu kameneko kanali fungo la azakhali ake, kanali ntchito yake, kanali chinthu chokhacho chimene chinamupatsa dzina m'mudzi muno atalephera kuvina. Anakanunkhiza kotsiriza, n'kukaponya m'madzi owira ndi chibenthu cha sopo.

Fungo linakwera ndi nthunzi n'kufika kunyumba za anthu, ndipo amayi anadza akuthamanga, Taumaia ali patsogolo.

"Wapenga? Tolotea, wapenga iwe? Mwayi wa mudzi ukuphika ngati talo?"

Tolotea anavundula ndi mtengo, n'kutunga madziwo ndi chikho. Anali bii, mafuta akuda akuyandama pamwamba. Anamupatsira Taumaia.

"Nawu mwayi wako. Imwa."

"Chotsa uko, zonyansa!"

"Zonyansa m'kamwa, koma m'maso mwa ana athu n'zabwino? Iwe utavina gule wanga uja, sunatuluke matafa?"

"Ndinatuluka, poti anthu anandisirira."

"Eya. Falaniko, tatulukani, anthu akuoneni mmene akusiririrani!"

Falaniko anatuluka mwaulemu, magalasi ali m'manja, diso lili tuu. Amayi anagwa pansi ndi phwete. Mayi wina wachikulire anachita kugwira mtengo wa papaya kuti asagwe. Taumaia yekha ndiye sanaseke. Anayang'ana madzi aja, anayang'ana diso la Tolotea nthawi yaitali, n'kuchoka.

Mafuta akale aja Tolotea anakawathira pa manda a azakhali ake, onse mpaka dontho lomaliza. "Landirani zanu, azakhali. Munandiphunzitsa zambiri, koma apa munalakwa, ndipo ndanena." Anapala kokonati watsopano n'kuyenga mafuta ena. Kuyambira tsiku limenelo lamulo la bokosi linasintha: wovina aliyense amabwera ndi kansalu kake kochapa, mafuta amalekezera m'masaya osafika m'maso, ndipo gule akatha palibe kugona usanasambe kumaso ndi sopo, kaya watopa chotani. Atsikana a masiku ano amadandaula kuti palibenso wowasirira.

Koma kuwiritsa kansalu sikunaphwetse diso la Fuatino. Linayamba kuoneka moipa kuposa kale. Kachithupsako kanatukuka, kanachita kamutu koyera, kakupsa, koti ukakayang'ana zala zimayabwa zokha. Uthenga unabwera woti mdzukulu wa Taumaia akusokeredwa zovala. Alendo anayamba kufika ndi masutikesi, ndipo aliyense ankafunsa za mtsikana wa pachithunzi uja. Fuatino anasiya kudya.

"Azakhali, kapsa, onani. Kungokhudza pang'ono chabe. Ndi zala zokha, osati kamtengo."

Tolotea anayang'ana kamutu koyerako, ndipo zala zake ziwiri zinanyamuka zokha mpaka pafupi ndi chikope. Pamenepo anawamvetsa azakhali ake kwa nthawi yoyamba. Sanali ankhanza, ankangofuna kuti mwana avine. Anabweza dzanja n'kulikhalira.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gona apa, tiimbe."

Anaimba tsiku limenelo, anaimba mawa lake, Falaniko nayenso atagona mbali inayo ndi kamwala kakekake ndi nsalu yakeyake, akuimba besi. M'mawa wa tsiku lotsuka tchalitchi, amayi akudutsa ndi ndowa ndi matsache n'kumasuzumira, Tolotea anachotsa nsalu pakati pa nyimbo kuti aone kutentha kwake. Pansalupo panali kadontho ka mafinya. Kachithupsa kanali katatseguka kokha.

Sanakuwe. Anasamba m'manja, anapukuta chikopecho pang'onopang'ono ndi nsalu ina yoyera ndi madzi owiritsa ozirala, n'kuthowanso. Pofika masana kutupa kunali kutatsika, diso likutseguka lonse. Ndiye anamugwira Fuatino pamkono n'kuyenda naye pakati pa msewu mpaka kutchalitchi, kumene Taumaia ankalamulira otsuka mawindo.

"Wapampando, nayi nsomba ija. Itembenuzeninso."

Taumaia anagwira chibwano, anayang'ana, anausa moyo. "Avine. Koma ukamumange tuigayo molimba, wamva? Isakagwe pamaso pa alendo."

Tsiku la phwando panangotsala kadontho kofiirira koti uchite kukafunafuna. Tolotea anamanga tuiga ndi manja ake, ndipo m'kati mwake, kumbuyo kumene sikukhudza nkhope, anali atasokereramo kachidutswa ka kansalu kowiritsa kaja. Kanatuluka mu mphika kali kotuwa, kopanda fungo, koma kanali komweko.

Anthu atadya, atalankhula olankhula mpaka ana kugona, nyimbo ya taualuga inayamba. Fuatino analowa pabwalo pang'onopang'ono, mapazi akuseseleka pa udzu, timagalasi tikuwala, maso onse awiri ali gaa. Amuna a banja lawo analumphira m'mbali mwake monga mwa mwambo, kukuwa, kudzimenya pachifuwa ndi kugubuduka pansi kuti ulemu wa namwali uonekere. Falaniko anagubuduka kuposa onse, diso lake likadali lofiira, mpaka nsalu yake ya m'chiuno inatsala pang'ono kumuthawa. Tolotea anakhala pamphasa kumapeto, pambali pa bokosi lake, pamalo pamene wakhala pa maphwando onse a moyo wake. Milomo yake inkaimba, ndipo zala zake zinkavina pamwendo iye osadziwa.

Nyimbo ili pakati, Fuatino anatembenuka n'kulunjika kumeneko. Anafika pamaso pa azakhali ake, anawerama ndi tuiga yonseyo, n'kuima. Oimba anayang'anana. Wovina saima pakati pa nyimbo.

"Pita, mwana iwe, ukundichititsa manyazi," ananong'ona Tolotea.

"Sindisuntha, azakhali. Theka latsalali ndi lanu."

Ndiye kuchokera pa mphasa ya komiti kunamveka mawu aakulu a Taumaia. "Oimba inu, mwagona? Yambiraninso! Iwe Tolotea, dzuka, ndinakubwereka gule ameneyu kalekale, bwera utenge!"

Tolotea anadzuka. Mawondo analira, anthu anamva. Sanapite m'mbali kwa ogubuduka. Anaima pakati, pambali pa mwana wa mchimwene wake, anakweza manja, ndipo zala zija zinakumbukira zonse, chimodzichimodzi, monga anaziphunzirira ali namwali. Mudzi wonse unaimirira. Falaniko anaiwala kugubuduka, anangokhala pa udzu kukamwa kuli yasa, akumuyang'anitsitsa mkazi wake mpaka nyimbo inatha.